A Chidazi

Mlangizi wa kalabu ya achinyamata anamukokera mpando mtsikana wina watsopano. "Wadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, ba..." Mtsikanayo analekezera pomwepo. Ulemu umafuna kuti mwamuna wamkulu aliyense azitchedwa bambo, koma iye anatchula mawuwo komaliza tsiku limene ankakuwa kuti, "Bambo, asiyeni amayi!" Bambo akewo sanawasiye mpaka amayiwo anasiya kupuma.

Achinyamata ena analeka kupopa mpira n'kumuyang'ana mtsikanayo. Chipsera cha pamkono pake chinayamba kuyabwa.

Mlangiziyo anakhala pasimenti, chapatali pang'ono, n'kusisita mutu wake wopanda tsitsi.

"Kuno amanditcha Chidazi. Tayesa."

"A Chidazi," mtsikanayo ananong'ona.

"Ndavomera. Mawa ubwerenso."

Mtsikanayo anagwedeza mutu kuvomera. Kunalibenso kwina koti n'kupita.