Thumba la Zofunda pa Mlatho

Ali ndi anzake pakati pa mlatho wodutsa ngalande, Ilaria anaona amayi ake akukwera masitepe, atawerama ndi thumba la zofunda zokachapa. M'sitima yobwera kumzinda wa Venezia m'mawa uja, anali atauza anzake a m'kalasi kuti amayiwo ndi abwana pahotela.

"Tapatukani, agogowa angatipake thukuta!" anatero mnzake Noemi, onse n'kuseka.

Ilaria nayenso anaseka.

Amayi anadzutsa mutu. Anamuyang'ana, n'kuyang'ananso anzakewo.

"Pepani atsikana, ndidutse nawo," anatero mwaulemu, ngati akulankhula ndi alendo. Anapita osacheuka.

Masana Ilaria anamasula buledi wa ndiwo pakati amene amayi anamukulungira. Anali atachotsamo anyezi yense, poti mwana wawo sadya anyezi.

Ilaria analuma kamodzi, n'kumukulunganso bulediyo.