Wometa Amene Ankajambulitsa Pageti la Eni

Panali munthu wina wometa tsitsi amene anali ndi kashopu kake kumsika: mpando umodzi, galasi long'aluka pakona ndi makina ometera. Makasitomala anali nawo, koma magetsi akathima anthu ankapita kwawo mutu utametedwa theka. Ankakhala ndi mayi ake, omwe ankadwala shuga, ndi mng'ono wake, kalipentala.

Tsiku lina anameta mlendo wina wovala bwino, woti sanamuonepo.

"Achimwene, luso lanuli mukungolitaya kuno," anatero mlendoyo. "Dziko la kutsidya kwa malireko magetsi sathima, phula limafika pakhomo, mankhwala m'chipatala ali mbwee."

Wometa atafotokoza kunyumba, mayi ake anati, "Mwanawe, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu wakuuzayo ukudziwa kumene amagona?"

Sanamve. Anagulitsa makina ndi mpando, nkuwoloka malire.

Mlendo uja sananame zonse ayi. Magetsi sankathimadi, misewu inali yosalala, masitolo odzaza. Koma ometa anali paliponse, ndipo aliyense ankayamba wamufunsa mapepala ogwirira ntchito, omwe analibe. Kwawo ukasowa mchere umagogoda kwa aneba. Kuno ukapereka moni munthu amagwira thumba lake. Mapeto ake anayamba kutsuka galimoto m'nyumba za anthu olemera, nkumagona m'kachipinda kuseri kwa galaja pamodzi ndi amuna ena akwawo, matiresi ochita kusinthana.

Manyazi anamugwira. Akatsuka galimoto pa nyumba ina ya geti lalikulu lakuda, ankavala shati yake yabwino, nkutsamira galimotoyo, nkudzijambula. Zithunzizo ankatumiza kwawo.

"Kuno ndiye kuli moyo, amayi," ankatero pafoni. "Kumeneko mukungovutika."

M'chipindamo munali bambo wina wachikulire, mlonda. Tsiku lina anamuuza kuti, "Iwe, bodza limabala ana. Auze zoona abale akowo."

"Madala, mukufuna msika wonse undiseke?" anayankha wometa.

Kwawo kuja, mayi ake anatuluka bala kuphazi losapola. Kuchipatala mzere unali wautali, mankhwala mwezi wina apezeke, mwezi wina ayi. Koma pafupi nawo pankakhala namwino wina amene ankadzawatsuka balalo m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, ndipo linkauma pang'onopang'ono.

Mng'ono wake anaimba foni. "Achimwene, kodi zipatala kumeneko zili bwanji?"

"Ngati hotela! Amayi akanakhala kuno bwenzi atachira kalekale."

Ananena mongodzitama, nkuiwala. Koma kalipentala sanaiwale. Anagulitsa macheka, mapuleni ndi matabwa onse, nkukweza mayi ake basi. Sanauze mkulu wakeyo, poti ankafuna kumudzidzimutsa. Dzina la msewu analiona pa chikwangwani m'chithunzi.

Masana ena wometa akutsuka matayala mkati mwa mpanda uja, foni inalira.

"Achimwene, tili pageti lanu, koma wantchito wanu akutikaniza. Akuti sakukudziwani."

Pothawira panalibe. Anatuluka atavala kabudula wong'ambika, chinsanza chikudontha m'manja. Mng'ono wake anayang'ana chinsanzacho, nkuyang'ana nyumbayo, kukamwa yasa. Mayi ake anali atakhala pachikwama m'mphepete mwa msewu, phazi lomanga nsalu litatupa ndi ulendo. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Waonda, mwana wanga," anatero. "Ukumadya koma?"

Wometa anagwada pamsewu pomwepo nkulira ngati mwana.

Anawatengera kukachipinda kuja. Amuna aja anawasiyira matiresi, iwo nkumagona pasimenti. Kutacha anapita nawo kuchipatala. Chinali chokongoladi, pansi pochita kuwala, mankhwala odzaza m'mashelefu. Koma pawindo anafunsidwa mapepala, ndipo anauzidwa kuti mlendo amayamba walipira. Achipatalawo anawatsuka balalo kamodzi, nkuwauza kuti abwerenso zinthu zikalongosoka. Ndalama zobwererera kwawo panalibe, zonse zinathera pa ulendo.

Ana awiriwo anayamba kutsuka galimoto limodzi, osalankhulana, kuti apeze zoyendera. Mayi ankatsala okha m'chipindamo tsiku lonse, babu likuyaka pamwamba pawo, wowapatsa madzi palibe. Balalo linayamba kununkha, kenaka thupi linatentha.

"Kwathu bwenzi pano anthu akusinthana pakhomo kudzandiona," anatero tsiku lina, osati modandaula, koma ngati akukumbuka.

"Amayi, ndikhululukireni."

"Ndinakukhululukira pageti paja. Ungondipititsa kwathu."

Sanafike kwawo. Anamwalira zoyendera zisanakwane. Kunyamula maliro kuwolotsa malire kunali kosatheka, choncho anawaika m'manda a mumzinda, pakati pa anthu osawadziwa. Mayi amene sankaphonya maliro a mnzawo anaperekezedwa ndi ana awo awiri, mlonda uja ndi okumba manda omwe ankangoyang'ana wotchi. Bokosi analikhoma kalipentala yekha, ndi hamala yobwereka.

Pochoka kumandako, mng'onoyo analankhula koyamba.

"Mukanangonena, achimwene. Ife sitikanakusekani. Tikanakutumizirani ya basi."

Akuti kalipentala anabwerera kwawo yekha, ndipo pano amagwira ganyu m'shopu ya mnzake. Wometa akadali komweko. Anthu akamufunsa chifukwa chake sabwerera, amati sangasiye mayi ake okha kudziko la eni.

Phunziro: Dziko lililonse lili ndi zokoma zake ndi misozi yake, ndipo mlendo amayamba kulawa misozi. Musanasamuke funsani bwino, ndipo inu amene muli kunja, auzeni abale anu zoona ngakhale zikhale zochititsa manyazi, chifukwa iwo amakhulupirira mawu anu ndi moyo wawo. Musaisunge nkhaniyi; itumizeni kwa m'bale wanu amene ali kutali ndi kwa amene akulongedza chikwama.