Mabotolo Awiri a Muwawani

Basi inandisiya pa Chimbalame. Ndinakhala kwa a Chagunda mwezi wathunthu, kudikira ina.

Masiku ano mankhwala a shuga sagulitsidwa. Amalandira okhawo olembedwa pa kafukufuku, aliyense botolo lake. M'mabotolo ena muli muwawani weniweni, m'mabotolo ena madzi owawa chabe. Sakuuza.

A Chagunda ndi akazi awo, aNangondo, onse ali ndi shuga. ANangondo anazindikira okha kuti botolo lawo ndiye lenileni. Nyerere zinkadzadza pomwe akodza amuna awo, koma pawo osafika.

"Imwani langali, bambo a Tiyese."

"Iyayi, mayi. Akatigwira atifufuta tonse."

"Ndiye ndizingokuonerani mukuomba zitseko ngati woledzera? Maso akupitatu awa."

Anasinthana.

Patatha masabata atatu kunabwera mayi woyeza magazi. Anawabaya zala, n'kuwerenga kamakina kake.

"Bambo, shuga watsika, pitirizani. Koma inu mayi wakwera. Mankhwalawa sakukuyanjani, botolo lanu lathera pano."

Anatenga botolo lolembedwa dzina la aNangondo, lenileni lija, n'kuliika m'chikwama.

Basi inabwera Lachisanu. Ndikutuluka ndinadzera kuseri kwa nyumba, kumene ankakodzako. Nyerere zinali zitayala mizere iwiri.