Magetsi a mu Ekizozi

Potuluka pachipata galimoto inagunda kamwala, china chake n'kulira kuti gwe! kunsi kwake. Injiniya sanacheuke n'komwe. Galimoto yake inali yolongolola, ndipo akanati aziima pa phokoso lililonse sakanafika kulikonse.

Pagalasi loonera kumbuyo anaona mkazi wake akuthamangira kumsewu, manja onse ali m'mwamba. Mtima unamuwawa ndi chikondi. Mkazi yemwe uja ankadandaula tsiku ndi tsiku za mafuta akuda pamalaya, lero akumuchemerera pamaso pa anthu! Anaimba hutala, n'kumubayibitsa.

Kunena zoona, sanali injiniya. Anali mphunzitsi wa sayansi, ndipo dzinalo anamupatsa ndi aneba pomuseka, tsiku lomwe mbaula yake yopanda utsi inathamangitsa banja lonse m'nyumba. Iye ankangoyankha ngati ndi ulemu. Ankadzidziwa ndithu. Mwini wake ankanena yekha kuti zinthu zake zimagwira bwino ntchito pabolodi pokha.

Koma ulendo uno zinali zina. Injini imamwa mafuta ambiri, koma mphamvu yochuluka imangothawa ngati kutentha kudzera mu ekizozi. Iye anaitanitsa timatailosi tina take toti mbali imodzi ikatentha, ina ili yozizira, timatulutsa magetsi. Anatisanja m'kabokosi ka malata, n'kukamangirira papaipi ya ekizozi ndi waya wa pahang'ala ya zovala, poti zomangira zenizeni zinachedwa kufika. Kuchokera pamenepo nthambo ziwiri zinkakwera mpaka padashibodi, pomwe anamatapo kafani ka pulasitiki. Kakazungulira, ndiye kuti utsi wabala magetsi.

Pampando wa pambali panali apongozi ake, bambo a mkazi wake, eni ake a galaja yomwe iye ankasokosamo Loweruka lililonse. Chipewa anali atachipanikiza pamaondo, chifukwa galasi la zenera la mbali yawo linatsika kalekale ndipo linakaniratu kukwera.

"Tamvanatu, aphunzitsi," anatero apongozi osamuyang'ana. "Kanthu kanuka kakapanda kuzungulira lero, mawa m'galaja muja mukulowa nkhuku."

"Kazungulira, bambo. M'galaja injini simatentha mokwanira. Kakufuna msewu."

Kulimba mtimako kunali kwa pakamwa chabe. Popanda galaja ija akanatsala ndi chiyani? Choko ndi ma homuweki a ana a eni ake basi.

Atalowa mumsewu waukulu anaponda moto. Kafani kanagwedezeka pang'ono ngati kakudzuka kutulo. Kenaka kanatembenuka, kanatembenukanso, mpaka mapiko ake sankaonekanso.

Injiniya anangotsala pang'ono kuphonya msewu. Anafuna kukuwa, anafuna kulira, koma pamaso pa apongozi munthu sachita zachibwana. Anangotsokomola n'kunena modekha, ngati zimenezi zimamuchitikira tsiku lililonse, kuti, "Mwaonatu, bambo. Injini yatentha tsopano."

Apongozi anavala magalasi, n'kuweramira kutsogolo.

Kutsogolo kunali lole yodzaza njerwa ikukwawa, ndipo Injiniya anachepetsa liwiro. Kafani nako kanayamba ulesi. Apongozi anakweza nsidze, koma yankho linali lokonzeka kale. Mphunzitsi sasowa yankho.

"Injini ikupuma, ndiye kutentha kwatsika. Zimayenderana."

"Tapondaninso tione."

Anadutsa loleyo, n'kuponda mpaka galimoto yonse kunjenjemera. Kafani kanayamba kulira mluzu. Apongozi, omwe sanaseke ngakhale pa tsiku la ukwati, anaseka mpaka kuoneka mano a m'mbali. Anamumenya paphewa.

"Mwana wanga, m'mutu mwanumu muli zinthu!"

Mwana wanga! Zaka zonsezi anali "aphunzitsi" basi, ngati mlendo wobwera kudzapempha madzi. Maso anachita chidima ndi misozi, ndipo ananamizira fumbi.

Apongozi anatulutsa foni. Choyamba anaimbira munthu yemwe ankati awagulitse nkhuku, kumuuza kuti anapiye ake akawagulitse kwina. Kenaka anaimbira mnzawo wa maminibasi, akukuwa kuti amveke pakati pa mphepo: "Mawa m'mawa mubwere ndi anzanu onse! Mkamwini wanga akupanga magetsi kuchokera ku utsi. Ndaona ndi maso angawa!"

Ulendo wobwerera Injiniya sanauone kutalika. Anali atavala kale suti m'maganizo mwake, akufotokozera anthu a makamera, aneba aja ataima kumbuyo manyazi ali tho. Anaganizanso zoti mkazi wake amugulire nsapato. Munthu wokuthamangira mpaka kumsewu kuti akuchemerere sapezeka wamba.

Anamupeza ali pachipata pomwepo, atakhala pampando, chinthu china chili pamiyendo atachifunditsa kansalu. Injiniya anazimitsa injini mwaulemerero. Kafani kanaima.

"Amayi, uzani aneba abwere!" anakuwa ali m'galimoto momwemo. "Zatheka!"

Mkazi wake anaimirira, anapereka moni kwa bambo ake, kenaka anavundukula kansalu kaja. Kanali kabokosi ka malata, waya wa pahang'ala ali lendelende.

"Kanagwa pomwe mumatuluka paja," anatero. "Ine kukukodolani kuti muime, inu n'kumandibayibitsa."

Kamphepo kanalowa pazenera la apongozi lija, ndipo kafani kanayambanso kuzungulira.