Ubongo Wamakani

Kompyuta inakananso. Pa sikirini panatuluka ubongo wopotoka ngati chovala chofinya, uku kotupa, uku kophwafuka.

Mu ofesiyo ankalandira zithunzi za ubongo wa anthu kuchokera ku makina ojambula m'kati mwa mutu a m'chipinda chapansi. Kompyuta inkazikoka ndi kuzipanikiza mpaka zifanane ndi chithunzi chimodzi choyezera, kuti athe kuziyerekezera. Ubongo wina uliwonse unkamvera. Uwu wokha unachita makani.

"Mwasokoneza ndinu, mayi," anatero a Pulofesa, amene chibadwire sanalakwepo.

Wachiwiri wawo, mayi wozolowera kusenza milandu ya eni, anayambiranso. Anasuntha poyambira miyezo. Anatembenuza chithunzi. Anauza kompyuta kuti ichotse chigaza, iyo n'kuyankha kuti chigazacho sikuchiona.

"Bwanji titsegule chithunzi choyambirira, chisanakokedwe?" anafunsa mayiyo.

"Nthawi yoonera zithunzi ngati mwana ndilibe."

Komabe a Pulofesa anavala magalasi n'kusendera pafupi. Kenaka nkhope yawo inawala. Makwinya a ubongowo anali ochuluka modabwitsa, osanjikizana mwadongosolo, ndipo pakati panadutsa mtsempha wokhuthala umene sanauonepo m'buku lililonse.

"Vuto si kompyuta," ananong'ona. "Awa ndi matenda atsopano."

Pofika masana matendawo anali atapatsidwa dzina, la a Pulofesa eni ake. Anaimbira foni anzawo a kunja, aja ankawaderera pamisonkhano, n'kuwauza kuti ayambe akhala pansi. Anaimbiranso akazi awo kuti asitiretu suti. Wachiwiri wawo anamulonjeza kuti amutchulako penapake mu lipoti la matendawo, m'munsi, ndi tizilembo tating'ono.

Chinatsala n'kumuona wodwalayo. Anaitanitsa wojambula wa ku makina, amene anakwera masitepe n'kufika ali wefuwefu.

"Mwini wa chithunzi ichi ndikumufuna lero lomwe. Muwauze abale ake kuti moyo wake uli pachiswe, koma asadandaule, wagwera m'manja mwa katswiri."

Wojambulayo anayang'ana tsiku lolembedwa pakona ya sikirini. Anakanda m'mutu.

"Ameneyu sangabwere, bwana."

"Wamwalira?" anafunsa a Pulofesa, akulingalira kale za mmene angapemphere mtembo.

"Tinamudya. Tsiku limenelo makina anali atangokonzedwa kumene, ndiye powayesa tinalowetsamo kabichi."