Dzanja la Mfumu

"Ndiye ntchito yakoyo ili pati?" anafunsa bambo ake filimu itangotha.

Chaka chathunthu mwana wawo wamkaziyo anachithera pakompyuta akuumba mfumu yokalamba ya m'filimuyo, yochokera m'ndakatulo ina yamakedzana, makwinya ndi imvi zomwe. Kunjenjemera kwa dzanja anakopera kwa bambo akewo, omwe amakanitsitsa zoti akudwala.

"Mfumu ija, ababa. Ndinaipanga ndine."

"Usandipusitse, maso ndili nawo. Uja ndi munthu."

"Munthu wotero kulibe. Ndibwereze kangati?"

"Ungaumbe munthu iwe, wongokhalira kudina mabatani?" Anadzuka, ndodo ikugwedera m'manja mwawo. "Ukakumana naye mkulu ameneyu, umuuze asiye makani, apite kuchipatala. Dzanja lija silili bwino."