Thanthwe la Kumgodi

Ramla ankasankha mpunga pang'onopang'ono pamene bambo ake, a Tahiru, anamutuma kukatenga nyundo yomwe anaiwala kumgodi wakale wa golide. Iwo ankafuna kuswa thanthwe la kumeneko m'mawa mwake, agulitse miyala kwa omanga nyumba.

Thanthwelo linali ndi maenje osalala, momwe makolo awo ankaperera miyala ya golide. Ramla ankalinyadira kwambiri, ngakhale sanauzepo munthu.

Anafika kutada. Anamva mwala ukupera pamwala unzake, koma panalibe munthu. Atapisa dzanja m'dzenje limodzi, munali mofunda, muli ufa wamwala wongoperedwa kumene.

Anabwerera chimanjamanja.

"Nanga nyundo ija, iwe?"

"Ababa, thanthwe lija musaliswe. Eni ake sanaweruke."